Za "kufinya maliro", mbuzi yozinga ndi tsiku la Idi: zomwe nkhani zimaphonya pa Asilamu

Funso lomwe limabwera kawirikawiri, kaya m'minibasi kaya pansi pa nkhani ya pa Facebook, ndi loti kodi n'zoona kuti Asilamu amafinya maliro mpaka kutulutsa matumbo. Yankho ndi ayi. Koma "ayi" payekha sathetsa mphekesera, chifukwa chomwe anthu amaona n'chakuti m'chipinda chosambitsira mumalowa anthu ochepa, chitseko n'kutsekedwa, ndipo pasanapite nthawi jeneza, chonyamulira maliro, ili kale pamapewa. Ndiye tiyeni tifotokoze zomwe zimachitika m'chipindamo.

Mwamuna amasambitsidwa ndi amuna, mkazi ndi akazi, kupatula kuti mwamuna ndi mkazi wake amaloledwa kusambitsana. Osambitsa amakhala ochepa, nthawi zambiri atatu kapena anayi, ndipo thupi silikhala pambalambanda: pamaliseche pamakhala pofundidwa nsalu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amadzutsa pang'ono mutu ndi mapewa, kenako mmodzi amasisita pamimba mofatsa kuti zotsalira zomwe zinali pafupi kutuluka zituluke nthawi yomweyo, zisadzaipitse sanda m'njira. Amatsuka pamenepo ndi dzanja lovala gulovu kapena lokulungidwa kansalu. Kufinya komwe kumanenedwako n'kumeneku basi. Palibe mpeni, palibe kukanikiza ndi mawondo. Chiphunzitso cha Mtumiki Muhammad chimati kuthyola fupa la munthu wakufa n'chimodzimodzi kulithyola ali moyo, choncho wosambitsa wankhanza akulakwira chipembedzo chake chomwe.

Akatero amamuchititsa udhu, kutsuka nkhope, manja ndi mapazi, monga amachitira munthu wopita kukaswali, n'kuyamba kusambitsa thupi lonse, mbali ya kumanja poyamba kenako ya kumanzere. Amasambitsa katatu, ndipo ngati pakufunika amaonjezera kufika kasanu kapena kasanu ndi kawiri, bola nambala isakhale yogawika pawiri. M'madzi omaliza amathiramo kafuri kapena zonunkhiritsa. Tsitsi la mkazi amaliluka zingwe zitatu n'kuziika kumbuyo. Ngati pali potuluka madzi kapena magazi amatsekapo ndi thonje. Sanda ndi nsalu yoyera yopanda zokongoletsa: zidutswa zitatu kwa mwamuna, zisanu kwa mkazi, kaya anali mwini malole kaya wogulitsa usipa.

Swala ya maliro imadabwitsa alendo chifukwa cha kufupika kwake. Anthu amaima m'mizere, imamu amanena "Allahu Akbar" kanayi ndi mapemphero afupiafupi pakati pake, popanda kuwerama kapena kugwetsa nkhope pansi. Mphindi zisanu sizikwana n'komwe. Kumanda, m'munsi mwa dzenje amakumba kachipinda cham'mbali, n'kugonekamo thupi chakumanja, nkhope italoza ku Makka, kenako amatseka ndi matabwa kapena nsungwi kuti dothi lisagwere pathupi. Apa pali china chomwe ambiri amalakwitsa: amati Asilamu amayang'ana kum'mawa. Kuchokera ku Malawi, Makka ili kumpoto, kupendekera pang'ono chabe kum'mawa. N'chifukwa chake mizikiti yathu imaloza kumpoto, ndipo m'manda mutu umakhala chakum'mawa pomwe nkhope yapenya kumpoto.

Zovuta zenizeni pa maliro a Chisilamu sizili m'chipinda chosambitsira. Zimabwera pa nthawi. Chipembedzo chimati maliro asachedwe, ndiye munthu akamwalira m'mawa ambiri amafuna aikidwe masana omwewo swala ya Dhuhr kapena ya Asr ikatha. M'banja losakanikirana, momwe achimwene ndi a CCAP pomwe womwalirayo anali Msilamu, mkangano umabuka pa kudikira mwana amene akuchokera ku Johannesburg. Ngati apolisi akufuna kuti adokotala apime thupi, nayonso imakhala nkhani. Njira yake ndi kukambirana munthu akadali moyo, kapena kuitana shehe ndi mwinimbumba kuti akhale pansi nthawi yomweyo uthenga usanamwazike. Nawo Asilamu eniake samvana pa zonse. A gulu la Qadiriya amanyamula jeneza akuchita zikiri, kutchula dzina la Mulungu mokweza, ndipo amachita sadaka pambuyo pake, makamaka ya tsiku la 40. A gulu la Sukuti amati pa maliro pakhale chete ndipo sadaka yotereyi saivomereza. Mkanganowu ndi wakale kwambiri kuno, ndipo mtolankhani wosaudziwa amatha kulemba kuti "Asilamu amachita zakutizakuti" pomwe wangoona mbali imodzi.

Za nyama ndi zosavuta. Pa ukwati kapena pa chinkhoswe anthu amati "itanani Msilamu adzazinge mbuzi", ndipo ena amaganiza kuti pali mankhwala. Kuzinga kuli ndi zofunika zochepa: chiweto chikhale chamoyo, mpeni ukhale wakuthwa, wozinga atchule dzina la Mulungu ponena kuti "Bismillah, Allahu Akbar", n'kudula kamodzi mwachangu kholingo, kum'mero ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi ya m'khosi, magazi n'kutuluka. Zomwe zimaononga ndi izi: mpeni wobuntha womwe umachititsa kucheka mobwerezabwereza, nkhuku yopotokola khosi, ndi chiweto chomwe chafa chokha kapena chagundidwa ndi galimoto n'kufa musanachizinge. Sibwinonso kunola mpeni chiweto chikuona kapena kuzinga china pamaso pa chinzake. Nkhumba ndi yoletsedwa ngakhale mutaizinga bwanji, ndipo apa ndi pomwe ophika amagwa: mbuzi yozingidwa bwinobwino ikaotchedwa pa chiwaya chomwe pangochoka nkhumba, kapena ikakazingidwa m'mafuta omwewo, Msilamu sadya. Patulani chiwaya, mpeni ndi thabwa lodulira. Nsomba sifuna kuzinga.

Tsiku la Idi nalo limadandaulitsa mabwana chaka ndi chaka: bwanji holide yake imalengezedwa usiku, mawa lake n'kukhala tchuthi? Kalendala ya Chisilamu imatsata mwezi wa kumwamba. Mwezi uliwonse umakhala wa masiku 29 kapena 30, chaka chonse masiku 354 kapena 355, n'chifukwa chake Ramadhan imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Madzulo a tsiku la 29 la Ramadhan, mwezi wosala, dzuwa likangolowa, anthu amayang'ana kumadzulo kufuna kamwezi katsopano. Kakaoneka, mawa ndi Idi. Kakapanda kuoneka amasalanso tsiku lina kukwanitsa 30. Zaka zino Ramadhan ikugwa m'nyengo ya mvula, mu February ndi March, ndiye mitambo ili ndi gawo lake. Ena amavomereza umboni woti mwezi waoneka ku Saudi Arabia kapena m'maiko oyandikana nafe, ena amafuna uoneke kuno komwe, ndipo zikatero pamakhala Idi ziwiri zosiyana ndi tsiku limodzi. Si kugawanika kwa chipembedzo ayi. Ndi kusiyana kwa akatswiri pa za umboni, ndipo kumachitika m'maiko ambiri.

Kusala kwenikweniko ndi kusadya, kusamwa ngakhale madzi, ndi kusakhala malo amodzi m'banja kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, omwe kuno ndi maola 13 kapena 14. Amadya daku kusanache, n'kumasula madzulo. Wodwala, wapaulendo, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amaloledwa kusiya n'kudzabweza masikuwo, ndipo mkazi amene ali kumwezi sasala mpaka atayera. Nkhalamba yomwe singathe imadyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Wodya moiwala kusala kwake sikuonongeka, amangosiya pomwe wakumbukirapo n'kupitiriza. Kumeza malovu sikumasula, ngakhale pali ena amene amalavula tsiku lonse poganiza kuti ndi lamulo.

Tsopano za nkhani. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu a m'dziko muno, kutanthauza anthu opitirira 2 miliyoni. Chisilamu chinafika ku Nkhotakota ndi Jumbe Salim bin Abdallah cha m'ma 1840, mamishoni achikhristu asanakhazikike, ndipo mafumu a Chiyawo monga Makanjira anachilandira m'ma 1870. Dziko lino linalamulidwapo ndi Msilamu, Bakili Muluzi, kuyambira 1994 mpaka 2004. Komabe m'nkhani zambiri Msilamu amaoneka ngati mlendo amene amatulukira pa Idi, pogawa ufa, kapena pakabuka ndewu. Nkhani ya mtengo wa feteleza kapena ya kuchepa kwa chambo sikawirikawiri kumva maganizo a shehe, pomwe abusa ndi mabishopu amafunsidwa pa chilichonse.

Cholakwika choyamba, kwa ine chachikulu, ndi kutchula chipembedzo pomwe sichikukhudza nkhaniyo. Wakuba njinga akakhala ndi dzina la Chiarabu, mutu wa nkhani umatha kunena kuti "Msilamu wamangidwa". Mnzake wa mpingo wina akaba, mpingo wake sutchulidwa. Mkonzi adzifunse funso limodzi: akanakhala wa Katolika, ndikanalemba? Ngati yankho ndi ayi, chotsani. Chachiwiri ndi kupereka udindo wa ushehe kwa aliyense wovala mkanjo ndi mzuli. Shehe ndi munthu wophunzira za chipembedzo, ndipo asing'anga ena amene amadzitcha mashehe pa zikwangwani za m'misewu alibe mzikiti womwe amatsogolera. Funsani kuti amaswalitsa kuti. Chachitatu ndi kusakaniza mtundu ndi chipembedzo. Si Ayawo onse amene ali Asilamu, ndipo ku Nkhotakota kuli Achewa ambiri Achisilamu, osaiwala amwenye a ku Limbe ndi anthu olowa Chisilamu atakula. Jando ndi mwambo wa Chiyawo womwe unalukana ndi Chisilamu. Mdulidwe uli m'chipembedzo, koma zina zonse za kundagala ndi za chikhalidwe, ndipo mashehe ena amazitsutsa poyera.

Pakakhala nkhani yofuna ndemanga, kuimbira bungwe limodzi sikokwanira. Pali Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi, ndipo sikuti nthawi zonse amayankhula chimodzi. Musaimbe Lachisanu masana, anthu ali ku Juma. Ndipo ngati nkhaniyo ndi ya hijabu, funsani amene amavala hijabuwo. Mkangano wa ku M'manga ku Balaka mu November 2019, pomwe atsikana anabwezedwa pa sukulu ya mpingo wa Anglican chifukwa cha mpango wa kumutu ndipo zinthu zinafika poswerana nyumba, unamveka dziko lonse. Mu 2021, kudzera mu Public Affairs Committee, atsogoleri a mbali zonse anasainirana kuti atsikana azivala hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma, bola mtundu wake ugwirizane ndi yunifolomu. Mundimvetse, ndewu ija inayenera kulembedwa. Koma wolemba za hijabu lero osatchula mgwirizanowu akusiya owerenga mu 2019. Onjezani kuti chithunzi cha mkazi wophimba nkhope yonse, chotengedwa pa intaneti, si chithunzi cha mwana wa Sitandade 6 wa ku Balaka. Hijabu imaphimba tsitsi ndi khosi, nkhope imaoneka. Yophimba nkhope ndi nikabu, ndipo ovala ndi ochepa.

Nkhani za kunja zimafika kuno zitapendekera kale. Ofufuza a ku America motsogozedwa ndi Erin Kearns anaunika ziwembu za uchigawenga 136 zomwe zinachitika m'dziko lawo pakati pa 2006 ndi 2015, napeza kuti wochita chiwembu akakhala Msilamu nkhani zolembedwa zimachuluka kupitirira kanayi poyerekeza ndi ena. Wayilesi ya kuno ikangomasulira zomwe yapeza, imatenga ndi kupendekerako komwe. Momwemonso ndi mawu. Fatwa ndi yankho la katswiri pa funso la chipembedzo, ndipo zambiri zimakhala za ngongole, ukwati, chuma cha masiye kapena ngati jakisoni amamasula kusala. Anthu amaiona ngati chilango cha imfa chifukwa cha imodzi yotchuka ya Ayatollah Khomeini ya mu 1989. Asilamu ambiri si Aluya: dziko la Indonesia lokha lili ndi Asilamu opitirira 200 miliyoni, ndipo Akhristu olankhula Chiarabu nawonso Mulungu amamutcha Allah.

Nkhani yovuta kwambiri kulemba ili pafupi nafe, ku Cabo Delgado m'dziko la Mozambique. Zigawenga zinayamba ku Mocímboa da Praia mu October 2017, zinalanda tawuni ya Palma mu March 2021, ndipo chaka chomwecho asilikali a Rwanda ndi a SADC analowererapo. Kunena kuti chipembedzo sichikukhudzidwa kungakhale kunama, chifukwa zigawengazo zimadzitcha zomenyera Chisilamu ndipo zinalumbira kumvera gulu la Islamic State. Koma m'mbali mwa nyanja momwe nkhondoyi inayambira, anthu ambiri ndi Asilamu, ndiye ophedwa ndi othawa kwawo ambiri ndi Asilamu omwe. Mashehe a m'deralo anali atachenjeza akuluakulu a boma za anyamatawa nkhondo isanayambe. M'nkhaniyi mulinso umphawi, ulova wa achinyamata, gasi wa ku Palma ndi miyala ya rubi ya ku Montepuez yomwe eni dera sapindula nayo. Dzina loti al-Shabaab ndi lomwe anthu a kumeneko anawapatsa, ndipo si gulu limodzi ndi la ku Somalia, choncho kuika chithunzi cha ku Mogadishu pa nkhani ya ku Palma ndi kulemba za nkhondo ina.