Lipoti la ulendo wokaona sukulu ya mpingo kunsi kwa Ngabu

Tinanyamuka ku Nchalo m'bandakucha, aphunzitsi ndi akulu a mpingo, kukacheza ndi anzathu a sukulu ina ya Seventh-day Adventist kunsi kwa Ngabu. Mu Okutobala kuno ku Chigwa cha Shire ulendo umayambika kusanache, poti ikamakwana 10 koloko dzuwa limakhala litaswa mtengo.

Aphunzitsi aakulu atatilandira anatikumbutsa zimene Ellen G. White, mmodzi mwa oyambitsa mpingowu, analemba m'buku la Education mu 1903, kuti maphunziro enieni amakulitsira limodzi thupi, nzeru ndi uzimu, ndipo kuphunzitsa ndi kuombola munthu ndi ntchito imodzi. N'chifukwa chake ku Malamulo, kumene mpingo unayambira ntchito mu 1902, sukulu sinasiyane ndi tchalitchi.

Za uzimu tinaziona pa mapemphero a m'mawa. Mphunzitsi amawerenga vesi m'Chichewa, kenako n'kufotokoza m'Chisena kuti a Sitandade 1 asatsalire. Ana ambiri pamenepo makolo awo si a Sabata, ndipo vesi loloweza ndi limene limakafika kunyumba.

Koma tinakhalitsa pa nazale ya mitengo, chifukwa ntchito yamanja ndiyo imayamba kufa m'masukulu athu ambiri. Anzathuwa amagwira ntchitoyi ana asanalowe m'kalasi, kwa mphindi 30 zokha. M'machubu amathira mbali ziwiri za dothi lapamwamba, imodzi ya mchenga ndi imodzi ya manyowa owolerana, n'kufesa nimu. Manyowa aawisi amawotcha mizu. Madzi a mijigo ina ya kuno ali ndi mchere, ndipo mbande zothiriridwa nawo zimapsa m'mbali mwa masamba, choncho amatunga pa chitsime cha madzi abwino ngakhale chili patali. Amaoka mvula ikakhazikika, mtengo uliwonse n'kuutchingira ndi minga, apo ayi mbuzi zimamaliza tsiku lomwelo.

Chimodzi chinatikhudza kwambiri. Iwo analetsa kupereka khasu ngati chilango. Mwana amene amalimitsidwa chifukwa chochedwa amakula akudana ndi ntchito, ndiye tikhala tikugwetsa tokha chimene timalalikira pa Sabata. Kumeneko mphunzitsi amagwira nawo khasu, samangoima pamthunzi n'kumaloza.

Za madzi osefukira tinakambirana mwachidule. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mabuku ndi marejisita amawasunga pa mashelefu apamwamba.

Tinagwirizana kuti iwonso adzabwere kwathu mvula ikadzagwa, tidzaokere limodzi mbande zimene tifese mwezi uno.