Zikomo kwa Anthu a ku Kalingalinga

Ndikuthokoza anthu a ku Kalingalinga, dera la mumzinda wa Lusaka, amene anandithandiza tsiku limene kompyuta yanga inawonongeka, kutatsala maola ochepa kuti ndiike pa YouTube kanema wa nyimbo imene ndinasakaniza kalimba ndi phokoso la maminibasi a pa Cairo Road, msewu waukulu wa mumzindawu. Bambo wina wokonza mafoni, amene sakufuna kutchulidwa dzina, anapulumutsa mafayilo onse a ntchito ya miyezi isanu, ndipo anakana kulandira ndalama. Magetsi atazima, amayi oyandikana nafe anandilola kugwiritsa ntchito sola yawo ndi laputopu ya mwana wawo mpaka pakati pa usiku, ngakhale nyimbo zanga amazimva zachilendo. Kanemayo anatuluka m'mawa mwake, ndipo mwana wa amayiwo tsopano amabwera Loweruka lililonse kudzaphunzira kujambula mawu.