Kalata yopempha madesiki

Sabata yachitatu ya teaching practice kuno ku Chipata, anandipatsa Giredi 7 kuti ndiwaphunzitse kalata yopita kwa akuluakulu a udindo. Ndinachita monga tinaphunzirira ku koleji: keyala ya wolemba kumanja, deti, keyala ya wolandira kumanzere, mutu wa kalata wodula mzere kunsi. Zonsezi ana anakopera bwinobwino. Koma madzulo pochonga mabuku, pafupifupi onse anali atayamba chimodzimodzi: "Muli bwanji bambo? Ine ndili bwino, kaya inu." Kenako "chonde tithandizeni" katatu, basi kalata yatha.

M'mawa mwake nditati malonjewo achotse, mtsikana wina anakweza dzanja. "Madamu, munthu wamkulu n'kungomuyamba nkhani osamulonjera? Kwathu angatikalipire." Funsoli linandikhudza, chifukwa mwanayo analeredwa bwino. Ndinamuyankha kuti ulemu sitikuutaya. M'kalata yotere ulemu ndiwo kutchula udindo wa munthu molondola, kumunena kuti "inu", ndiponso kusamuchedwetsa, poti pa tebulo pake pali mulu wa makalata.

Vuto lalikulu linali lakuti anawo amadziwa kudandaula, koma kupereka chifukwa chogwira mtima wa wowerenga sanakuzolowere. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 makalasi anadzaza, ndiye ndinati tilembere khansala za madesiki. Ndinawatuma awerenge okha. Anapeza ana 84, madesiki 19. Mnyamata wina amene amakhala pa thumba la feteleza pafupi ndi chitseko anationetsa buku lake, zilembo zili zokhotakhota chifukwa amalembera pa bondo. Ndinamuuza kuti zimenezo ndiye azilembe, ndipo atchulenso mayeso amene akubwera a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia.

Tinakambirananso za CDF, ndalama za boma zothandizira chitukuko m'madera, zimene mu 2022 zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndi kuti mapempho amadzera ku Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya m'wadi. Atamva kuti ndalama zake zilipo, kalembedwe kanasintha. Wina analemba kuti, "Tikupempha madesiki 23 kuti tizikhala awiriawiri."

Tinasankha kalata ya mtsikana uja. Anailembanso kawiri, kachiwiriko chifukwa anaiwala deti, ndipo ahedi anaidinda Lachisanu. Potuluka mu ofesi mtsikanayo anandinong'oneza kuti moniyo akapereka pakamwa akakafika kwa akhansala.