Mpweya udutse pamwamba pa mitu ya nkhuku

Mtima wakhala pansi tsopano, anzanga. Funso limene lakhala likundizunguza mutu chiyambireni maphunziro athu a ulimi wa nkhuku layankhika, ndipo landiyankha ndi khola lakale limene ndinagula kwa bambo ena amene amasamuka kuno ku Dedza. 

Chimene chinkandivuta ndi ichi. Aphunzitsi lero akuti khola lizilowa mpweya wokwanira, mawa omwewo akuti tetezani nkhuku ku mphepo. Nanga mpweya ungalowe bwanji mphepo osalowa? Kuno tili pamtunda, mamita pafupifupi 1,600, ndipo chisanu cha June ndi July mukuchidziwa. Eni ake akale anasankha kutseka. Khola linabwera lokhomedwa matumba a feteleza mbali zonse mpaka kudenga, ndipo m'mawa malata ankadontha madzi mkati kumwamba kulibe mtambo. Pansi ponyowa, fungo la zitosi lolasa m'maso, nkhuku kumangoyetsemula.

Madziwo ankachokera kwa nkhuku zomwezo. Nkhuku situluka thukuta. Thupi lake limatentha madigiri pafupifupi 41, ndipo chinyezi chimatuluka ikamapuma komanso m'zitosi, zimene gawo lalikulu ndi madzi. Zili ngati minibasi ya m'mamawa yopita ku Lilongwe: aliyense watseka windo kuopa kuzizira, musanafike pa Linthipe magalasi ayamba kale kuchucha. M'khola lotsekedwa nthunzi imakwera, imagunda lata lozizira, n'kugwanso pa utuchi wothira pansi. Utuchi ukanyowa, zitosi zimatulutsa amoniya wambiri, mpweya wolasa m'maso uja, ndipo amoniyayo amapweteka njira za mpweya za nkhuku mpaka matenda a chifuwa kulowa mosavuta. Nkhuku yaikulu ya nthenga zouma imapirira chisanu cha kwathu kuno. Ikufutukula nthenga, ikubisa miyendo, yagona. Koma ikanyowa, kapena mphepo ikamaomba pa thupi pake usiku wonse n'kumatsegula nthengazo, ndiye yazizidwa.

Ndiye mpweya ndi mphepo zija zimasiyana pa malo amene zikudutsa basi. Mpweya ukadutsa pamwamba pa mitu, ukutenga nthunzi ndi fungo n'kupita nazo kunja. Ukadutsa pamene nkhuku zagona, ndiye mphepo imene aphunzitsi ankatiopseza nayo. Ndinakanganula matumba a m'mwamba, n'kusiya mpata wa masentimita 15 kunsi kwa malata mbali ziwiri zoyang'anizana, n'kukhomapo waya kuti makoswe ndi timbalame tisalowe. Mbali imene kumachokera mwera ndinaitseka ndi matabwa m'munsi monse. Mtengo wogonapo unali pafupi ndi denga, ndinautsitsa kuti nkhuku ikakhalapo mutu usafike pa mpata uja. Pamwamba potseguka, m'munsi motseka. Ndimangobwereza ndekha ndikamayenda! Anapiye nkhani yawo ndi ina, amafuna kutentha kopitirira madigiri 30 sabata yoyamba, musawaike m'gulu limeneli.

Za utuchi mundilole ndinyadire. Ocheka matabwa a paini ndi ambiri kuno, thumba sulisowa. Ndimathira wokwera masentimita 10, ndimautembenuza ndi khasu, ndipo pofuna kudziwa ngati uli bwino ndimaufumbata m'manja. Ukamwazika ndikatambasula dzanja, zili bwino. Ukagwirana, wanyowa. Kwa ine kufumbata kumeneku kumaposa tsamba lililonse la m'kope, ndipo ndimaona ngati munthu wodziwa kufumbata utuchi wadziwa theka la ulimi wa nkhuku. Anzanga m'kalasi amati ndikukokomeza. Aziseka, manyowa ake akadzalowa m'dimba la kachewere tidzaonana.

Khola logula kwa wina limabweranso ndi alendo ake. Utitiri umabisala m'ming'alu ya matabwa masana, usiku n'kumayamwa magazi, ndipo umatha kukhala miyezi osadya. Ndinalikhuthulira madzi owira, kuliumitsa padzuwa, kulipaka laimu.

Chimene chikundiwawa n'chakuti zonsezi zikanatheka ndi choko chimodzi. Kujambula kakhola pa bolodi, muvi wina wokwera, wina wotuluka, basi. M'malo mwake timalembetsedwa manotsi mothamanga, ukakweza dzanja akuti nthawi yatha, tidzaona pa pulakitikolo. Pulakitikoloyo inasunthidwa mpaka kuiwalika. Sindikuti aphunzitsi sadziwa, mwina kwa iwo n'chapafupi kwambiri moti saona poti munthu angasokonezeke. Nafenso nthawi ilibe chisoni, ukaweruka dimba likudikira, kope umalitsegula maso akulemera kale.

Pano malata asiya kudontha ndipo kuyetsemula kwachepa. Koma sindingalumbire kuti ndi mpata uja wokha, pakuti chisanu nachonso chayamba kutha, komanso matumba ndi utuchi ndinasintha nthawi imodzi. Malata a kholali ndi aafupi, sanatulukire kunja mokwanira, ndiye mvula ya mphepo ya mu December ikadzaomba cham'mbali ingathe kulowera pomwepo n'kunyowetsa utuchi wonse. Kaya ndiwonjezere lata lina, kaya ndipachike thumba loti ndizitsitsa kukachita mdima, sindinaganize bwino. Ndipo thumbalo ndikatsitsa usiku wonse, si ndiye ndatsekanso khola lija?