Masiku asanu a maphunziro a bizinesi, ndi botolo la chiponde m'chikwama

Uthenga unatipeza ku banki mkhonde, titangomaliza kuponya masheya. Mlangizi wa zachitukuko anafika pa njinga yamoto n'kunena kuti bungwe lina likufuna amayi ndi achinyamata ochita geni, akaphunzire za bizinesi kwa masiku asanu ku boma. Tonse tinamva chimodzi: ndalama. Pa Kamwendo pano akati "maphunziro", m'mutu mumayamba kubwera alawansi, kenako ngongole. Ine ndinali nditatha zaka zitatu ndikupanga chiponde, ndipo ndinkadziona ngati katswiri amene akungosowa mpamba basi.

Kulembetsa sikunavute. Anafuna fotokope ya chiphaso cha unzika, kalata ya amfumu, ndi fomu ya masamba awiri. Fotokope pangiranitu, chifukwa tsiku lopereka mafomu magetsi akhoza kuthima, inu n'kutsala. Pa fomupo panali funso lakuti mumapeza ndalama zingati pamwezi. Ndinalemba nambala yonenepa kuti andione ngati munthu wolimba. Musachite zimenezo. Fomu ija imakutsatirani mpaka m'kalasi, ndipo yanga inandivula pagulu Lachiwiri lomwe.

Lolemba tinalipo 30. Mphunzitsi, bambo wachikulire wolankhula mosathamanga, anayamba ndi kutiuza kuti adzangotibwezera ya thiransipoti ndi kutidyetsa nkhomaliro. "Amayi ndi abambo, amene mwabwera kudzatenga mpamba ndikupepeseni, ine ndilibe. Ndabwera ndi mafunso okha." Pofika masana mipando ina inali itayamba kuzizira. Nanenso mtima unandiuza kuti ndibwerere ndikakazinge mtedza wanga, koma ndinachita manyazi ndi amfumu amene anandilembera kalata.

Lachiwiri anatiuza kuti aliyense aike patebulo chimene amagulitsa. Wina anatulutsa mandasi, wina diresi losoka yekha, mnyamata wa ku Kapiri anabweretsa chithunzi cha nkhumba zake pa foni. Mphunzitsi ananyamula botolo langa n'kundiitanira kutsogolo.

"Mayi, botolo limeneli mwalipanga ndi ndalama zingati?"

Ndinatchula mtengo wa mtedza ndi wa botolo. Analemba pa bolodi, n'kundiyang'ana. "Mwakazinga ndi chiyani?" Makala. Analemba. "Mchere ndi shuga munapempha kwa aneba?" Anthu anaseka. Tinalemba za kuchigayo, za kabaza wopita ndi kubwera, sopo wotsukira mabotolo, mayunitsi oimbira makasitomala. Kenako anafunsa za mtedza umene ndimataya posankha, chifukwa mu ndowa imene wagula si wonse umalowa m'botolo. Chimenecho sindinaganizepo chiyambire.

Funso lomaliza ndi limene linandiuma pakamwa. "Nanga inuyo, amene mumakhala padzuwa kusankha, kukazinga, kupukusa makoko ndi kupeta, amakulipirani ndani?" Ndinati ndine mwini, sindingadzilipire. Iwo anati ndiike ndalama imene ndingamupatse waganyu atagwira ntchito yomweyo tsiku lonse. Titaphatikiza zonse n'kugawa ndi mabotolo 14 amene ndinkapeza pa ulendo umodzi, zinaoneka kuti chimene ndinkachitcha phindu chinali malipiro anga a ganyu, osakwananso. Kenako anatulutsa fomu yanga ija n'kuwerenga nambala imene ndinalemba. Sanawonjezere mawu. Ndinabwerera pampando miyendo ikulemera.

Usiku umenewo sindinagone bwino. Ndinakumbukira mabotolo amene bambo akunyumba amatenga kupita nawo kwa anzawo, a apongozi, a ana opaka pa mbatata m'mawa, ndiponso angongole amene ankati "ndidzapereka fodya akagulidwa". Ndalama za chiponde ndi za ndiwo zinkakhala pa mfundo imodzi ya chitenje.

Lachitatu anatitulutsa kupita kumsika wa pa boma, aliyense akafunse anthu 10 za katundu wake. Ndinaona ngati zachibwana, koma ndinamvako zinthu. Ambiri amafuna botolo laling'ono, la ndalama imene ali nayo lero. Mwini golosale wina anatembenuza botolo langa uku ndi uku n'kufunsa: dzina lili kuti, tsiku lothera mphamvu lili kuti, chizindikiro cha bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards (MBS) chili kuti? Anati popanda zimenezo sangaike pa shelefu.

Masana ake tinakambirana za chuku. Ife a ku Mchinji mtedza timaudziwa, Chalimbana ndi CG7 takula nazo, koma ambiri timauwaza madzi kuti makoko afewe poswa, ndipo ena amatero kuti ulemere pa sikelo. Chinyezi chimenecho ndi chimene chimaitana chuku, ndipo poizoni wake, amene akatswiri amati aflatoxin, amawononga chiwindi. Chimene chinandiopsa n'chakuti kukazinga sikumuchotsa. Ndiye mtedza wofota, wakuda, wosweka ndi wowawa uyenera kuchotsedwa ndi manja, umodziumodzi pa lichero, osaupereka kwa ana kapena kuusinja nsinjiro monga ndinkachitira poopa kuluza.

Lachinayi linali la pulani ya bizinesi. Dzinalo limaopsa, koma ndi mayankho chabe: ukugulitsa chiyani, kwa ndani, pa mtengo wanji, ukufuna zingati ndipo ubweza bwanji. Ena anakopera za anzawo, ena analemba kuti akufuna mamiliyoni a fakitale. Ine, poti ndinali nditapsa kale, ndinalemba zochepa: kugula mtedza wambiri nthawi yokolola pamene mtengo uli pansi, kuusunga m'makoko pouma, ndi kusindikiza mapepala omata pa botolo. Lachisanu aliyense anaimirira kufotokoza yake kwa mphindi zisanu, tinalandira masatifiketi, tinajambulitsa, basi.

Za ngongole anangotilozera njira. Anatchula NEEF (bungwe la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi), ma SACCO (mabungwe amene mamembala amasunga ndi kubwereketsana ndalama) ndi mabanki, n'kutichenjeza kuti tizifunsa kaye chiwongoladzanja, chikole ndi tsiku loyamba kubweza, ndiponso kuti pa ngongole ya pagulu mnzako akathawa mumamubwezera otsalanu. Ofuna kupitiriza kuphunzira anawauza za SMEDI, bungwe la boma lophunzitsa a mabizinesi ang'onoang'ono limene linali ndi malo ophunzitsira ku Mponela, ndipo a ntchito zamanja anawalozera ku TEVETA. Ine ngongole ya kumalo amenewa sindinatenge. Ndinabwereka ku banki mkhonde kwathu komweko, kumene chiwongoladzanja chimabwerera kwa ife tomwe pogawana kumapeto kwa chaka.

Dzina la bizinesi ndinalembetsa ku ofesi ya Registrar General kudzera pa intaneti, mothandizidwa ndi mphwanga amene amadziwa kompyuta, kenako ndinatenga nambala ya msonkho, TPIN, ku MRA. Za chizindikiro cha MBS ndikadali pa ulendo, chifukwa amayendera malo opangira, ndipo khitchini ya utsi ngati yanga singadutse. Tikukambirana ndi amayi anzanga anayi zomanga kachipinda kathu.

Chimene ndinabwera nacho kwenikweni ndi kope la masamu la ana asukulu, ndi nambala ina ya TNM Mpamba yosungirako ndalama za chiponde zokha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabotolo ndi shuga zinakwera nthawi yomweyo. Anzanga ena anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale poopa kuthawitsa makasitomala, mpaka mpamba unawathera m'manja. Ine ndinakhala pamkeka ndi kope, ndinawerengera ngati pa bolodi paja, ndinakweza mtengo wa botolo lalikulu n'kuchulukitsa ang'onoang'ono.

Kunyumba ndiye kunali nkhondo yaing'ono. Tsiku loyamba bambo akunyumba atatenga botolo, ndinatsegula kope n'kulemba. Anaima pakhomo: "Amayi, mwayamba kundigulitsa chiponde cha m'nyumba mwanga momwe?" Ndinati ayi bambo, ndikungolemba kuti ndidziwe kumene lapita. Anang'ung'udza sabata yathunthu. Masiku ano akatenga amasiya ndalama pansi pa kope. La apongozi lokha ndimalipira ndekha kuchokera m'malipiro anga, ndipo iwo sakudziwa.