Injini ikamanjenjemera pa maloboti

Lolemba m'mawa, ndisanamwe ndi tiyi yemwe, pagalaja pathu ku Kalingalinga mu Lusaka panalowa Corolla yoyera, ija ya injini ya 1NZ, ya malita 1.5. Eni ake ndi mayi wina, mphunzitsi. Anati akaima pa maloboti mu Great East Road galimoto imanjenjemera ngati munthu wa malungo, ndipo pokwera kamtunda nyali ya check engine imaphethira. Alamu awo anali atagula kale makoyilo anayi (tizipangizo totumiza moto ku mapulagi) ndi mapulagi anayi m'tauni, n'kumanga okha Loweruka. Koma vuto silinathe.

Ndinalumikiza kamakina kowerengera makodi, kanalemba P0303. Nambala yomalizayo ndi silinda, ndiye kuti yachitatu ndi imene ikuphonya moto. Zikatere sindithamangira kusitolo. Ndimachotsa koyilo ya silinda yodwalayo n'kuisinthanitsa ndi ya silinda ina. Nambala ija ikasamuka kutsatira koyilo, wolakwa wapezeka. Ikatsala pomwepo, koyiloyo ilibe mlandu. Zimangofuna sipanala ya 10 ndi mphindi zochepa, osalipira ngakhale ngwee.

Tsikulo sitinafike n'kosinthanitsako. Nditazula koyilo yachitatu, mphira wake unatuluka uli noninoni ndi oyilo. Gasiketi ya tapeti kava, chivundikiro cha pamwamba pa injini, inauma, oyilo n'kumatsikira m'dzenje la pulagi, moto n'kumathawira m'mbali m'malo motsikira m'silinda. Alamuwo oyiloyo anamuona, anangomupukuta.

"Ndiye makoyilo akale aja analibe vuto, bambo?" anafunsa mayiwo.

"Mwina analibe, amayi. Musawataye."

Zinandipweteka mumtima, chifukwa malipiro a mphunzitsi ndimawadziwa, ndipo gasiketi ndi yotchipa kutalitali poyerekeza ndi zimene anagula. Ndinawauzanso za nyali ija. Ikangoyaka chabe, mukhoza kuyenda pang'onopang'ono mpaka kwa makaniko. Koma ikamaphethira, petulo wosapsa akupita ku ekizosi, kumene amakatentha catalytic converter, ija yoyeretsa utsi, mpaka kuiwononga. Pamenepo imani.

Lachiwiri kunali za masiku onse: oyilo, mabuleki, lamba wa alternator. Magetsi anazima masana, kompresa inagona, tinamaliza ndi manja.

Lachitatu ndiye linandiphunzitsa. Mnyamata wa takisi wa ku Mtendere anabwera ndi Allion, atatsimikiza kale kuti ndi fuel pump, poti anzake onse pa siteji anatero. Galimoto ikangoima injini imafuna kuzima, koma akaponda mafuta imakhazikika. Kamakina kanalemba P0171, kutanthauza kuti mpweya wachuluka, petulo wachepa. Injini ya petulo imafuna magawo pafupifupi 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera, ndipo kompyuta ya galimoto imadalira sensa ya MAF, imene ili pambuyo pa fyuluta ya mpweya, kuti idziwe mpweya umene walowa.

Fyulutayo inali yong'ambika. Fumbi la Lusaka la mu Okutobala mukulidziwa, ndipo madalaivala ambiri amakonda kupemerera fyuluta ndi kompresa m'malo mogula ina. Pepala lija limafooka, limaboola, fumbi n'kumadutsa kukamata pa kawaya ka sensa. Tinaika fyuluta yatsopano, sensa tinaitsuka ndi sipuleyi yakeyake, osaikhudza ndi chala kapena kansalu chifukwa kawayako sikachedwa kuduka. Injini inakhalako bwino, koma kunjenjemera sikunathe.

Apa ndinayamba kukhulupirira anyamata a pa siteji aja, ndipo ndinali nditatulutsa kale geji yoyezera mphamvu ya pampu. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ndi amene anandiimitsa.

"Amdala, tamverani kaye. Pali chimene chikulira ngati njoka."

Ndinatchera khutu, ndithudi. Anagwira paipi ya mphira yochokera ku sensa kupita ku injini, n'kuipinda pang'ono. Kunsi kwake, m'makwinya momwe diso silifika, kunali mng'alu wotalika ngati chala. Mpweya unkalowera pamenepo osawerengedwa. N'chifukwa chake vuto linkakula galimoto ikangoima: nthawi imeneyo mpweya wonse ndi wochepa, ndiye wakubawo umasokoneza kwambiri. Zimenezi ndimazidziwa bwino, koma tsikulo ndinamvera pakamwa pa anthu ndisanamvere injini. Mnyamatayo ndinamugulira nsima ya nkhuku masana, ndipo anaiyenera.

Lachinayi kunabwera IST imene inayamba kutsokomola itangochoka kotsukitsa magalimoto. Anaipopera madzi amphamvu mu injini, madzi n'kudzaza m'maenje a mapulagi. Tinaumitsa, inanyamuka.

Lachisanu ndinapereka uthenga umene sindiukonda. Bambo wina wa ku Chawama wakhala akuyendetsa Noah yophonya moto kwa miyezi, akusintha mapulagi mobwerezabwereza. Koyilo inali bwino, pulagi bwino, injekita ikugwira. Titayeza kompuresheni, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya, masilinda atatu anafanana, imodzi inali pansi kwambiri. Ndinathira timadontho ta oyilo m'silindamo n'kuyezanso. Mavuto akakhala maring'i a pisitoni, nambala imakwera. Sinasunthe, ndiye kuti mpweya ukuthawira kumtunda, ku ma valve. Mutu wa injini uyenera kutsika. Bamboyo anakhala pa tayala lakale nthawi yaitali osayankhula. Galimotoyo ndi imene imanyamula katundu wa akazi awo kupita ku Soweto Market m'bandakucha uliwonse.

Loweruka mayi mphunzitsi uja anabweranso, ali ndi alamu awo, bambo wachikulire wooneka wamanyazi. Ndinawauza kuti sanalakwe kutsegula boneti. Ine ndimafuna eni magalimoto azidziwa kuona oyilo, kusintha fyuluta, kutsuka mitu ya batire, ngakhale kumanga mapulagi. Chimene ndimakana ndi kugula chitsulo musanadziwe chimene chadwala.

Ndinawapatsa soketi ya 16 kuti ayesere pa Corolla yomweyo, injini itazizira, poti mutu wake ndi wa aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kudyeka. Ndinawaonetsa mpata wa pulagi pamene moto umalumpha, mamilimita 1.1 pa injini imeneyi, ndi mtundu wa kunsonga kwake: yofiirira pang'ono ndi yathanzi, yakuda ndi mwaye ndiye kuti petulo wachuluka, yonyowa ndi oyilo ndi nkhani ina. Ndinawachenjezanso kuti mapulagi achinyengo olembedwa NGK kapena Denso alipo pamsika, ndiye mtengo ukatsika modabwitsa akayikire.

Anafuna kuyamba ndi sipanala. Ndinawagwira dzanja.

"Yambani ndi zala, bambo. Ikakana, bwererani, musaikakamize."

Anazungulitsa pang'onopang'ono, pulagi inalowa yokha mpaka pansi. Kenako anafunsa ngati angabwere ndi makoyilo akale aja Lolemba kuti tiwayese limodzilimodzi.