Kasiteji kanga ka m'katoni katha

Abale, kasiteji kachitsanzo kamene ndimakonza, koonetsa mmene siteji yeniyeni ya sewero idzaonekere, katha tsopano ndipo mtima wanga uli mbee! Ndapangira katoni ya sopo, mkati monse ndapaka penti yakuda kuti maso azingogwera pa zomwe zili pasitejipo basi. Sikelo ndatenga ya 1:25 yomwe okonza masiteji a zisudzo ku Britain amakonda, ndiye kuti munthu wotalika mamita 1.75 amangokhala kachidole ka masentimita 7, chitseko cha mamita 2 chimabwera pa 8, mipando ndiye tinthu tating'ono zedi zala zimachita kunjenjemera pomata guluu.

Sewero lake ndi lakumudzi, ndiye kanyumba ndafolera ndi udzu wa tsache, nkhokwe ndaluka ndi tizinsungwi, mtondo ndaumba ndi dongo. Koma chandikomera kwambiri ndi tochi ya foni, ukaunika cham'mbali umaoneratu kuti mthunzi wa nkhokwe ukuphimba pakhomo pomwe ochita sewero aziima, ndiye tayisuntha tisanagule thabwa ngakhale limodzi.

Aphunzitsi amene mukukonzekeretsa ana mpikisano wa zisudzo za m'Chingerezi wa ATEM chonde yesani zimenezi, ana amagwira msanga polowera ndi potulukira akaona ndi maso awo.